Sisi wa Ndowa ndi Udzudzu wa M'galimoto ya Maliro

Anzanga, khalani pansi kaye, chifukwa nkhani iyi ndaisunga m'kamwa sabata yathunthu ndipo ikundiyabwa lilime. Si miseche ayi. Chabwino, miseche ilimo pang'ono, koma ndi ija yomanga munthu. Ngati munalepherapo kanthu mpaka anthu kusiya kukuwerengerani, iyi ndi yanu.

Tsiku limene zinthu zinafika pothina, mtsikana wathuyu anali ataima pakhonde la sitolo, mwana kumbuyo, katoni yobooka m'manja. M'katonimo munali mahedifoni ndi machaja a foni amene ankagulitsa mumsewu. Mvula inamupeza pamtetete, katoni inanyowa, pansi pake n'kung'ambika, katundu yense waa! m'ngalande. Anayesa kutola, koma madzi a m'ngalande sadikira munthu. Anatsala ndi chaja chimodzi, nachonso chodzaza matope.

Mayeso anali atalephera katatu. Katatu, abale! Mayi ake anali atamwalira, bambo ake sanawaonepo n'komwe. Bambo wa mwanayo anangoti "ndikubwera," ndipo mpaka lero akubwerabe. Iye ankakhala kwa azakhali ake, kugona pakanjira ka pakati pa khitchini ndi bafa, moti aliyense wopita kubafa ankachita kumudumpha.

Azakhaliwo sanali oipa mtima, musandimve molakwika. Kungoti nyumba inali yaing'ono, ana awo anayi, ndipo pakamwa pawo panalibe chitseko.

Atamuona akulowa ali chonyowa, anangoti, "Ndiye bizinesi ija yatha?"

"Yapita ndi madzi, azakhali."

"Tamvera kuno. Mnzanga wina akufuna wantchito wa m'nyumba. Ndi kutali, ulendo wa tsiku lonse pa basi. Pogona palipo, chakudya chilipo. Koma za mwana safuna kumva. Mwanayo ukamusiya kwa agogo ake akuchimuna."

"Azakhali, mwanayu sanakwane n'komwe zaka ziwiri. Anthu amenewo sakumudziwa."

"Adzamudziwa. Ndakupatsa miyezi itatu. Ukapeza ntchito yeniyeni, ukhala ndi mwana wako. Ukapanda kuipeza, basi ikudikira."

Mtsikanayo anamasula mwana kumbuyo, kumupukuta kumutu, kamtsikana kakeko kakungoseka, osadziwa kuti akunena za iko.

Anayenda pakhomo ndi pakhomo kufunsa ntchito. Kulikonse funso linali limodzi: "Pepala uli nalo?" Sabata yachiwiri anafika pagalaja ina kuseri kwa malo okwerera mabasi, yoika mawailesi ndi masipika m'galimoto. Mwini wake anthu ankangowatchula kuti a Mawaya. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumulozera ndowa.

"Galimoto tikamaliza kuika zinthu, uzitsuka. Makapeti uzichotsa, uzikuntha, uzibwezera. Mawaya osakhudza. Wamva?"

Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linasanduka Sisi wa ndowa. Azakhali anavomera kumatsala ndi mwana masana, koma anamuuziratu kuti, "Kutsuka galimoto ndi ganyu, si ntchito. Masiku ako ndikuwerengabe."

Tsopano ndikuuzeni za a Mawaya, koma izi zikhale pakati pathu. Bambo amenewa anali aukhondo pantchito mpaka kunyanya. Mawaya onse, wonenepa uja wochokera ku batire ndi ang'onoang'ono aja otenga nyimbo, ankawamanga mtolo umodzi, kuwakulunga tepi wakuda mosalala ngati tsitsi la mkwatibwi. Kasitomala asanapite ankamutukulira kapeti kuti aone. "Taonani ntchito! Kwinaku mupeza mawaya ali balala ngati chisa cha khoswe."

Chachiwiri n'chakuti poonetsa kasitomala nyimbo, injini ankaisiya yozima. Ankati, "Tisakuthereni mafuta, bwana." Nyimbo inkamveka bwino zedi, kasitomala n'kumagwedeza mutu, mano onse pamtunda.

Koma dikirani adutse pageti. Akangoliza injini, m'masipika munkayamba kaphokoso kopyapyala, fiiiii. Akaponda moto, nako kankakwera, fiiiiiiiii! Akachepetsa, nako kankatsika. Madalaivala anakapatsa dzina loti udzudzu, chifukwa kankalowa m'khutu n'kukhala momwemo.

Ambiri ankabwerera atakwiya. A Mawaya ankawaikira kabokosi kosefa phokoso. Kakakanika, ankakweza mapewa n'kunena kuti, "Vuto si lathu, ndi alutaneta yanu. Pitani kwa Madala." Alutaneta, kwa inu amene simukudziwa monga mmene ndinalili ine, ndi chipangizo chimene chimadzaza batire injini ikamalira.

Madala a mabatire anali ndi kashedi kawo pafupi pomwepo. Anali bambo wachikulire, thalauza lonse mabowo okhaokha chifukwa cha madzi a batire. Sisi ankakhala pabenchi yawo nthawi yopuma masana, chifukwa ndi pokhapo panali mthunzi. Tsiku lina anawapeza akung'ung'udza okha.

"Wanditumiziranso wina! Alutaneta yabwinobwino, ati yatha. Munthu amene uja akadwala mutu adzanamizira chipewa."

Sisi anaseka, kenako anafunsa mwamanyazi. "Madala, nanga udzudzuwo umachokera kuti?"

Madala anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Zaka zonsezi palibe anandifunsapo zimenezi. Iwe ukufunsiranji?"

"Ndimangoona, Madala. Ndikachotsa makapeti ndimaona. Galimoto zimene zimabwerera ndi zija mawaya ake ayenda mtunda wautali atamangidwa pamodzi. Zija za ampu pafupi ndi wailesi sizibwerabwera."

Madala anaika sikuludiraiva pansi. "Ndani anakuuza zimenezo?"

"Palibe."

"Ndiye amene anakulepheretsa mayeso anali ndi vuto la maso. Khala bwino ndikuuze."

Anatola waya wonenepa wofiira ndi tiwaya tiwiri topyapyala. "Uyu wonenepayu amatenga moto ku batire kupita ku ampu, bokosi lija lokweza mawu. Ndi wolongolola, chifukwa phokoso lonse la alutaneta limayenda mwa iyeyu. Tiwiriti timatenga nyimbo ku wailesi kupita ku ampu. Koma ndi tamiseche. Ukatigoneka pafupi ndi wolongololayu, chilichonse chimene timva tikanena kwa ampu. Ampu nayo siisankha, imangokweza zonse, nyimbo ndi miseche yomwe."

Ine nditamva pamenepa ndinati, ha, kani ngakhale mawaya ali ngati anthu a mumsewu mwathu!

"Chachiwiri ndi ethi," anapitiriza Madala. "Magetsi akapita amafuna njira yobwerera kwawo. Njira yake ndi chitsulo cha galimoto. Waya wa ethi ukhale waufupi, wonenepa, ndipo ugwire chitsulo chenicheni chowala. Ukaumanga pa penti kapena pa dzimbiri, uli ngati wapereka moni utavala magolovesi a nkhonya. Magetsi amayamba kufunafuna njira zina, ndiye kulirako."

"Nanga kabokosi kosefa kaja?"

"Kaja ndi kothandiza ukamaliza zonse. Koma kuyambira pamenepo kuli ngati kuthira mafuta onunkhira usanasambe."

Kuseri kwa shedi ya Madala kunali galimoto yawo yakalekale, matayala anaphwa kale, nkhuku zinkaikiramo mazira, koma injini inkalirabe. Anamupatsa wailesi yakale, ampu yakale ndi mawaya otsala. "Nthawi yopuma ndi yako. Uziononga pano, osati pa galimoto ya mwini."

Ndipo anaonongadi, anzanga. Tsiku loyamba anaotcha fyuzi. Lachiwiri anaiwala kuchotsa waya wa batire, sipanala inagunda chitsulo, moto thwa! chala n'kutupa chithuza. Madala sanamunyengerere. "Choyamba chotsa batire. Magetsi alibe chibale."

Sabata yachitatu anamanga zonse bwinobwino, n'kuliza injini, udzudzu uli pomwepo ngati ukumuseka. Anakhala pampando wong'ambikawo misozi ili lengelenge.

"Wasintha zingati nthawi imodzi?" anafunsa Madala.

"Zinayi."

"Ndiye udziwa bwanji wolakwa? Zula chimodzi, mvetsera. Bwezera, zula china, mvetsera. Wakuba sagwidwa pomenya mudzi wonse."

A Mawaya anamupeza tsiku lina ali chogwada m'galimoto ya nkhukuyo, nthenga kumutu. Anaitana amisiri awo awiri kuti adzaone. "Taonani injiniya wathu! Mayeso a papepala anamukana katatu, ndiye akuti waya amuvomera." Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Sisi anangotola ndowa yake n'kubwerera kukatsuka. Koma mawa lake masana anali momwemo, ndipo mkuja wakenso. Pofika mwezi wachitatu, wailesi ya m'galimoto ya nkhuku inkaimba mbee, ngakhale Madala aponde moto mpaka utsi kudzaza shedi.

Koma kuimba kwa galimoto ya nkhuku si ntchito. Kunyumba azakhali anali atatsitsa kale chikwama pamwamba pa kabati n'kuchipukuta fumbi. Tizovala ta mwana anatichapa n'kutipinda patokha.

Kutatsala masiku anayi, m'mawa, pagalaja panalowa galimoto yaitali yakuda ya magalasi m'mbali, yonyamula maliro. Mwini wake anali mayi wina wathupi, wogulitsa mabokosi a maliro, amene aliyense ankawatchula kuti Mayi a mabokosi. A Mawaya ndi amene anawaikira masipika oimbira nyimbo zachitonthozo popita kumanda, ndipo aka kanali kachitatu galimotoyo kubwerera.

Mayiwo moni sanapereke.

"A Mawaya, mukufuna ndife ndi manyazi kuti mundinyamule m'galimoto yanga yomweyi?"

"Mayi, takhazikani mtima pansi..."

"Mtima uti? Dzulo tanyamula munthu wolemekezeka, mphunzitsi wamkulu wopuma. Nyimbo ikuyenda bwinobwino, anamfedwa akulira mwaulemu. Tafika pachitunda, dalaivala waponda moto, fiiiiiiii! Ana asukulu amene anali pamzere kuphulika n'kuseka. Pamaliro, a Mawaya! Mkazi wa malemu anandiyang'ana ndi diso limodzi, mpaka pano chakudya sichikulowa."

Amisiri aja anayang'ana kumbali, masaya atatupa ndi phwete.

"Masana ano ndili ndi maliro ena. Dzuwa likamafika pamutu, udzudzu wanuwo ukhale utafa. Apo ayi, muzule zinthu zanu zonse, ndipo ndiuza dalaivala aliyense m'tauni muno. Paja ine ndimakumana ndi anthu ambiri, maliro satha."

A Mawaya anathamanga kukatenga kabokosi kosefa kachiwiri n'kukalumikiza kuseri kwa wailesi. Nyimbo inayamba kumveka ngati woimbayo ali ndi chimfine, koma udzudzu uli gwa. Thukuta linayamba kuyenderera. "Ndi alutaneta imeneyi, mayi."

Anaitanitsa Madala. Madala anabwera ndi mita yawo, kuyeza, n'kunena kuti, "Alutaneta iyi ili ndi moyo kuposa ine ndi inu."

Apa ndiye pali nkhani, tcherani khutu. Sisi anali atatsuka galimoto imeneyi kawiri, ndipo ankadziwa chinsinsi chake. Ampu inali mkati mwenimweni, pansi pa thabwa limene bokosi limagonapo. Kuti munthu aifikire, anayenera kukwera n'kugona chafufumimba pamalo a bokosi penipeni. A Mawaya ndi amisiri awo, amuna a ndevu zawo, ankaopa! Ankati kugona pamenepo uli moyo n'kudziitanira. Ndiye tsiku loika anangolumikiza zonse ali panja, ampu n'kuikankhira mkati ndi mtengo wa tsache. Waya wa ethi anausiya wautali, wopyapyala, n'kuumanga pa bawuti ya pachitseko chakumbuyo, pamwamba pa penti wakuda wokhuthala. Maulendo awiri onse galimotoyo itabwerera, palibe analowamo.

Sisi anaika chinkhupule m'ndowa, kupukuta manja pa siketi.

"Bwana, ndiyeseko."

A Mawaya anatembenuka.

"Wati chiyani?"

"Ndiyeseko, bwana. Ndikuganiza kuti ndikudziwa pamene ukulowera."

"Iwe, galimoto iyi si ya nkhuku," anatero a Mawaya, maso atafiira. "Ukaikhudza n'kulephera, ndowa yangayo uisiye pomwepo, ndipo pageti pano usadzapondenso."

Sisi anadziwa tanthauzo lake. Akachotsedwa pano, ngakhale chonamizira kwa azakhali sakhala nacho. Anaona m'maganizo kamwana kake kali m'manja mwa anthu achilendo, iye ali pawindo la basi. Koma anadziwanso kuti akangokhala chete, masiku anayi adzatha ali ndi ndowa yomweyo, ndipo basi idzabwerabe.

"Ndavomera, bwana."

Mayi a mabokosi anamuyang'ana. "Mwana wanga, sukuopa kugona pamenepo?"

"Mayi, ndimagona pakhomo la bafa anthu n'kumandidumpha. Apa ndiye pabwino, pali kapeti."

Mayiwo anaseka koyamba tsiku limenelo. "Mpatseni zida!"

Anayamba wachotsa timabokosi tosefa tonse tiwiri. Kenako anakwera, kugona pamalo a bokosi, kutukula thabwa, n'kuuza dalaivala kuti alize injini. Amisiri aja anabwerera m'mbuyo, mmodzi mpaka anavula chipewa. Fiiiii. Sisi anazula tiwaya tiwiri ta nyimbo pa ampu n'kumvetsera. Udzudzu unalipobe.

"Nyimbo kulibe koma ukulirabe," anatero. "Ndiye kuti woyamba ndi ethi. Zimitsani."

Anatsika, kuchotsa waya wa batire, kukwereranso. Anapeza bawuti pachitsulo cha pansi, pafupi ndi ampu. Anapala penti ndi sandipepa, kupala, kupala, mpaka chitsulo chinawala ngati supuni yatsopano. Anadula waya wonenepa waufupi, wosakwana mkono, kuumanga zolimba, n'kupaka girisi pamwamba kuti dzimbiri lisabwere.

Atabwezera batire n'kuliza injini, m'masipika munali chete. Madala anagwedeza mutu. Sisi anabwezera tiwaya ta nyimbo tija.

Fiiii.

Unali wochepa kusiyana ndi poyamba, koma unalipo. Mmisiri mmodzi anaseka. A Mawaya anayang'ana dzuwa n'kunena kuti, "Katsanzike ndowa yako, injiniya."

Sisi anatseka maso ali chigonere pomwepo, n'kudzifunsa kuti: ndasintha chiyani? Chimodzi chokha. Ndabwezera tiwaya ta nyimbo. Ndiye kuti tikubwera ndi miseche kuchokera m'njira.

Anadzuka, kutukula kapeti ya m'mbali. Mtolo wa a Mawaya unali pamenepo, wakuda, wosalala, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo kwa galimoto yaitaliyo.

"Bwana, ndikupempha kudula tepi wanu."

A Mawaya anagwira pachifuwa. "Tepi wanga? Ukudziwa kuti ndinakulunga maola angati? Ntchito yokongola ngati imeneyi!"

"Ndi yokongoladi, bwana. Koma wolongolola ndi amiseche mwawagoneka mphasa imodzi."

"Dula, mwana wanga," anatero Mayi a mabokosi. "Kumanda sitikaonetsa tepi."

Anadula mosamala ndi kampeni, a Mawaya atatembenukira kukhoma ngati akuwachotsa dzino. Waya wonenepa wa moto anausiya kumanja. Tiwaya ta nyimbo anatidutsitsa kumanzere, pansi pa kapeti, kutali ndi mnzawo. Pamene panafunika kuti akumane, pafupi ndi ampu, anawadutsanitsa mopingasa, osati mogonerana. Thukuta linali chuchuchu, dzuwa likuyandikira pamutu.

"Lizani."

Chete. Dalaivala anaponda moto pang'ono. Chete. Anaponda mpaka pansi, ndipo kutali, kutali kwenikweni, kunamveka kafii kakang'ono ngati ka udzudzu wa m'chipinda cha eni.

"Ndaumva!" anakuwa a Mawaya.

Sisi anagonanso pamalo paja n'kusuzumira pa ampu. Kabatani kokwezera mphamvu kanali kopotokoledwa mpaka kumapeto, mmene a Mawaya anakasiyira tsiku la mtengo wa tsache lija. Anakabweza pang'onopang'ono mpaka chapakati.

"Pondaninso."

Injini inabangula, mbalame zinathawa padenga. M'masipika munalibe kanthu. Dalaivala anayatsa nyimbo, ndipo inatuluka yoyera, mawu aliwonse omveka, mpaka mayi wogulitsa zipatso kunja kwa geti anayamba kuyimba nawo.

"Ine sindikhulupirira za pagalaja," anatero Mayi a mabokosi. "Tiyeni kuchitunda chomwe chija."

Anapita, Sisi atakhala kumbuyo, a Mawaya kutsogolo. Anthu m'njira ankaima mwaulemu, kenako n'kudabwa kuona wa m'galimoto ya maliro ali tsonga, akuyang'ana pawindo. Anakwera chitunda chonse dalaivala ataponda moto, nyimbo yokhayokha.

Atabwerera, mayiwo anamugwira Sisi manja onse awiri, akuda ndi girisi choncho. "Wandichotsa manyazi, mwana wanga. A Mawaya, galimoto ndili nazo zitatu. Zonse azizigwira ndi mtsikana uyu. Mukamuchotsa, mundiuze kumene wapita, ndimutsatira."

Galimoto itatuluka, a Mawaya anayamba kutolatola zidutswa za tepi wawo pansi. Kenako analowa mu ofesi n'kutuluka ndi ovolosi yabuluu ndi pulayala.

"Ndi yaikulu, upinda miyendo. Mawa seveni koloko. Zotsuka tipezera wina." Anakanda kumutu, n'kutsitsa mawu kuti amisiri aja asamve. "Komanso... undionetse bwino zija unachita pa ethi."

Apa tiwayamikire a Mawaya, anzanga. Si bambo aliyense angameze mawu ake pamaso pa mtsikana amene ankamuseka.

Sisi anathamangira kushedi ya Madala, kugwada pansi pa simenti ya madzi a batire ija.

"Dzuka, ubowola ovolosi yatsopano," anatero Madala, akupukuta magalasi amene sanali akuda n'komwe. "Ine ndinangoyankha. Wofunsa unali iwe."

Madzulo dzuwa lisanalowe anafika kunyumba atavala ovolosiyo. Azakhali anali pakhomo, mwana pamiyendo.

"Iwe, ovolosi wabayo ndi ya ndani?"

"Ndi yanga, azakhali. Andilemba ntchito. Ndine mmisiri wa mawaya."

Azakhali anamuzungulira kawiri, kugwira nsalu, kununkhiza girisi. Kenako anatenga foni n'kuimbira mnzawo uja, mokweza kuti nyumba zoyandikana zimve. "Pepani anzanga, funani wina. Wangayu sabwera. Ndi injiniya ameneyu, ndakhala ndikunena kuyambira kale kuti mwanayu ali ndi mutu."

Ndakhala ndikunena! Mwamva? Koma Sisi sanawatsutse. Anakumbukira kuti miyezi itatu yonse, ngakhale ankalalata, ndi iwo amene ankamudyetsera mwana ndi kumusambitsa. Anangoti, "Zikomo azakhali, pondisungira mwana." Ananyamula kamtsikana kake n'kukakumbatira mpaka kanayamba kudandaula kuti mabatani a ovolosi akukabaya.

Papita zaka zinayi tsopano. Pagalaja ija palibe galimoto imatuluka osayesedwa injini ikulira, ndipo a Mawaya amauza makasitomala kuti lamulo limeneli analiyambitsa ndi iwo. Madalaivala a mataxi akamva kafii, amangouzana kuti, "Pita kwa Sisi." Ali ndi chipinda chakechake cha chitseko ndi kiyi. Mwana uja anayamba sukulu ya mkaka, ndipo m'mawa uliwonse amaperekezedwa ndi mayi ake enieni, atagwirana manja. Ukamufunsa Sisi kuti zinatheka bwanji, sayamba ndi dzina lake. Amayamba kutchula Madala, azakhali, Mayi a mabokosi, ngakhale a Mawaya, mpaka iwe wofunsa kutopa.

Ndiye iwe mnzanga amene ukuwerenga izi mayeso atakukana, kapena bizinesi itakugwera, kapena kunyumba akukuwerengera masiku, tandimvera. Pamene ulipo, ngakhale patakhala ponyozeka bwanji, tsegula maso. Funsa, ngakhale akuseke. Ukalakwitsa, bwerera mawa. Ndipo ukapeza wokuyankha, usadzaiwale kumuthokoza.

Zina zonse zikhoza kutayika, koma mtimawo usautaye. Mawa udzaufuna.